Kompyuta Ikamangozima Yokha, Musathamangire Kufomata

Makompyuta ayamba kufika m'sukulu za kumudzi, ndipo ngakhale kumapiri kwathu ku Dowa ndi ku Ntchisi ziliko sekondale zimene zili ndi chipinda chake cha makompyuta. Ambiri mwa makinawa anagwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja. Mabungwe monga The Turing Trust la ku Scotland amawatolera, kuwakonza, n'kuwatumiza ku sukulu za m'Malawi muno. Chimene sichibwera nawo m'katoni ndi munthu wowakonza akadzawonongeka. Mphunzitsi amene ali ku Malomo kapena ku Mvera, kuti apeze katswiri, ayenera kulipira kabaza ndi minibasi mpaka ku Mponela kapena ku Lilongwe, ndipo ndalama imeneyo sukulu sikhala nayo nthawi zonse.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidziwiretu kuti tikadzafika kumeneko, ahedi adzayang'ana ife. Ndife achinyamata, tachokera ku koleji, ndiye kwa iwo makompyuta timawadziwa. Tsiku limene makina ayamba kumangozima ana a Fomu 4 ali pakati pokonzekera mayeso a Computer Studies, makiyi a chipindacho adzaperekedwa m'manja mwathu.

Mankhwala amene ambiri timawadziwa ndi amodzi: "Yalowa vayirasi, ingoifomatani." Kufomata kumathandiza pamene vuto lili m'mapulogalamu. Koma ngati chawonongeka ndi chitsulo cha m'kati, mudzataya tsiku lonse, mudzataya mafayilo a anthu, ndipo pakutha pa sabata kompyuta ija idzazimanso. Kompyuta imene imazima mobwerezabwereza imakhala ndi kachitidwe kake, ndipo amene wadekha n'kukawerenga amapeza chovuta asanawononge ndalama.

Kuzima kuli mitundumitundu

Tikapita kuchipatala, adokotala sayamba ndi jekeseni. Amafunsa kuti mutu ukupweteka nthawi yanji, unayamba liti, thupi likutentha kapena ayi. Ndi mmenenso tiyenera kuyambira, chifukwa mawu akuti "yazima" amabisa zinthu zosiyana.

Pali kompyuta imene imangoti phi! ngati wina wazula pulagi, popanda uthenga uliwonse. Kawirikawiri zimenezi zimaloza ku magetsi kapena kutentha. Pali ina imene imaonetsa sikirini yabuluu yokhala ndi mawu achingerezi, kenako n'kuyambiranso yokha. Apa Windows yaona cholakwika chachikulu ndipo yadziimitsa dala kuti isawononge mafayilo. Pali inanso imene imangouma: chithunzi chilipo, koma mausi ndi kiyibodi sizikuyankha. Ndipo pali ija imene ukaiyatsa fani imazungulira, mwina n'kulira kuti pi-pi-pi, koma pa sikirini palibe kanthu.

Choncho chida choyamba ndi kope ndi cholembera. Nthawi iliyonse ikazima, lembani tsiku, ola, chimene munthu amachita, nthawi imene inatha chiyatsireni, ndiponso ngati magetsi anali a ESCOM, a sola kapena a jenereta. Pa sikirini yabuluu, chakumunsi, pamakhala dzina la vutolo, monga MEMORY_MANAGEMENT kapena WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR. Lijambuleni ndi foni lisanachoke. Windows nayonso imasunga mbiri yake: mukalemba mawu akuti reliability pa malo ofufuzira, mupeza Reliability Monitor, imene imaika chizindikiro chofiira pa tsiku lililonse limene panachitika vuto. Mu Event Viewer mukhoza kupeza uthenga wa Kernel-Power 41. Ambiri amaganiza kuti umenewu ndiwo matenda, pamene umangonena kuti kompyuta inazima mosatsata dongosolo. Chifukwa chake sumanena.

Musanayese china chilichonse, koperani mafayilo ofunika pa fulashi kapena pa kompyuta ina. Malikisi a ana, masikimu ndi mayeso amene aphunzitsi anataipa ndi amtengo kuposa makinawo.

Ndi pulogalamu kapena ndi chitsulo?

Sikirini yabuluu payokha si umboni wakuti chitsulo chawonongeka. Pa 19 Julayi 2024, makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni padziko lonse anaonetsa sikirini yabuluu tsiku limodzi, ndege zambiri n'kulephera kunyamuka. Zitsulo zonsezo zinali bwinobwino; chinalakwika chinali kafayilo kamene kampani ya CrowdStrike inatumiza ku pulogalamu yake yachitetezo.

Ndiye funso loyamba n'lakuti: chinasintha n'chiyani vutoli lisanayambe? Ngati linayamba mutangoika pulogalamu yatsopano, pulintala yatsopano kapena driver wina, chotsani chimenecho muone. Yesaninso Safe Mode, pamene Windows imadzuka ndi zofunikira zokhazokha. Ngati mu Safe Mode ikutha tsiku osazima, kaikirani mapulogalamu.

Njira yodalirika kwambiri ndi kuika Linux, monga Ubuntu, pa fulashi, n'kudzutsa kompyuta kuchokera pa fulashipo osakhudza Windows. Igwiritseni ntchito maola angapo, muonerepo mavidiyo kuti ithukute. Ikazimanso pamenepo, Windows ndi mavayirasi ake alibe mlandu. Vuto lili m'zitsulo kapena m'magetsi. Ikapanda kuzima, otsala pa mlandu ndi Windows ndi hard disk, popeza ziwirizi n'zimene munazilambalala.

Woyamba kufunsidwa: magetsi

Mabuku ambiri a kunja amaika magetsi kumapeto kwa mndandanda, chifukwa kwawoko sasinthasintha. Kwathu kuno tiyambire pomwepo. Magetsi a m'Malawi amayenera kukhala mavolti 230, ndipo ambiri amachokera kutali, pa mtsinje wa Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuthimathima kunali kwa tsiku ndi tsiku. Kuthima kwenikweni n'koonekeratu. Chobisika ndi kuchepa mphamvu kwa kamphindi, kumene babu imangophethira koma kompyuta n'kuyambiranso.

Apa kope lija limathandiza. Ngati makompyuta angapo amazima nthawi imodzi, musatsegule ngakhale imodzi. Vuto lili kukhoma. Ngati amazima pamene chigayo cha pafupi chalizidwa kapena wina wayamba kuwotcherera zitsulo pa msika, mwapeza poyambira. Pa sukulu ya sola, onani ngati kuzima kumachuluka m'mawa kwambiri, madzulo, kapena masiku a nkhungu a mu Juni ndi Julayi, pamene mapiri a Ntchisi amatha tsiku lonse dzuwa osaoneka bwino. Mabatire akafooka, inveta imadula magetsi kuti iwateteze. Imadulanso ikalemedwa: kompyuta imodzi ndi sikirini yake zikhoza kudya mawati 100 kapena kuposa, pamene ketulo imodzi yamagetsi imadya pafupifupi 2,000. Tiyi wa mu ofesi ya aphunzitsi akhoza kuzimitsa chipinda chonse.

Yang'ananinso ekisitenshoni. Zotchipa zambiri zili ndi waya woonda ndi mabowo olobodoka, moti mwana akangogunda tebulo, moto umaduka. Lumikizani kompyuta ku soketi ya kukhoma mwachindunji kwa masiku awiri muone kusiyana. Ngati pali UPS, kumbukirani kuti batire yake imatha pakapita zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo UPS ya batire yakufa imazimitsa kompyuta m'malo moiteteza.

Zonsezi zikakhala bwino, otsala ndi power supply, kabokosi kachitsulo kamene waya wa magetsi amalowamo kumbuyo kwa kompyuta. Ntchito yake ndi kusandutsa mavolti 230 kukhala 12, 5 ndi 3.3 amene zipangizo za m'kati zimafuna. Ikakalamba imakwanitsa ntchito yopepuka, koma ikapatsidwa yolemetsa imagonja. Njira yoiyesera pa sukulu ndi kubwereka ina yofanana nayo ku kompyuta imene ikuyenda bwino. Chenjezo: kabokosi kameneka musakatsegule, chifukwa kamasunga moto wokhoza kuvulaza munthu ngakhale pulagi itazulidwa. Ndipo makina ena akale ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kakhale pa 230 nthawi zonse. Kakakhala pa 115, mudzamva kuphulika ndi fungo la utsi.

Kwa ife a malaputopu, power supply yathu ndi chaja. Chaja chogula pa msika chimene mavolti ake kapena mphamvu yake sizikugwirizana ndi zolembedwa kunsi kwa laputopu chimabweretsa mavuto omwewa. Batire ikatupa mpaka kukankha kiyibodi, ichotsedwe msanga, chifukwa ikhoza kuyaka.

Fumbi ndi kutentha

Aliyense amene anayendapo m'misewu yafumbi ya ku Dowa mu Seputembala amadziwa mmene malaya oyera amafikira. Kompyuta imapuma mpweya womwewo. Fani imakoka mpweya kuti iziziritse processor, ndipo fumbi limatsalira pa tizitsulo tozizirira mpaka kupanga chinthu chonga bulangete. Ma processor ambiri akafika pafupi ndi madigiri 100 amayamba achepetsa liwiro, ndipo kutentha kukapitirira kompyuta imadzizimitsa kuti isapse.

Zizindikiro zake n'zosavuta. M'mawa imayenda bwino, koma ikagwira ntchito mphindi 20 kapena 30 imazima. Mukaiyatsa pompopompo imazimanso msanga. Mukaisiya ola limodzi imapirira. Fani imalira ngati njinga yamoto pa chitunda, kapena siimveka n'komwe. Vuto limakula mu Okutobala ndi Novembala, makamaka m'chipinda cha malata chopanda siling'i, n'kuchepa nthawi yozizira. Pulogalamu yaulere ya HWMonitor imaonetsa madigiri a processor; ngati ali pamwamba kompyuta isakuchita kanthu, mwagwira mbala.

Poyeretsa, zimitsani, zulani pulagi, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti moto wotsalira uthe, kenako gwirani chitsulo cha bokosilo musanakhudze za m'kati. Thupi la munthu limasunga timagetsi tija timathetheka tikamavula juzi nthawi yozizira, ndipo timeneti timapha zipangizo. Tulutsani bokosilo panja. Gwiritsani ntchito burashi yofewa youma ndi chopemerera mpweya. Pampu ya njinga imathandiza. Gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyezo. Madzi ndi nsalu yonyowa ayi. Musadabwe kupezamo mphemvu, nalimata wouma kapena waya wodyedwa ndi makoswe, makamaka pambuyo pa holide yaitali.

Pakati pa processor ndi chitsulo chozizirira pamakhala phala lotuwa lotchedwa thermal paste. Likauma ndi ukalamba, kutentha sikudutsa bwino. Ngati mwachotsa chitsulocho, pukutani phala lakale n'kuika latsopano, kadontho kochepa ngati njere ya mpunga kapena ya nandolo. Ndipo anzanga a m'mahositelo, laputopu ikaikidwa pa bulangete imatsekeka mphuno. Ikani pa tebulo kapena pa buku lachikuto cholimba.

RAM: kabenchi kogwirira ntchito

RAM ndi timatabwa topyapyala timene timasunga zimene kompyuta ikugwira panthawiyo. Kachigawo kamodzi kakawonongeka, kompyuta imalemba nambala ina n'kuwerenga ina. N'chifukwa chake vuto la RAM limaoneka ngati misala: lero sikirini yabuluu ya dzina ili, mawa ya dzina lina, mapulogalamu kumangotsekeka okha, ngakhale kuika Windows yatsopano kumakanika pakati.

Nthawi zambiri RAM imakhala kuti sinafe, yangosuntha. Kompyuta imene yayenda pa kabaza kuchokera ku Ntchisi boma kukwera ndi kutsika zitunda yagwedezeka mokwanira. Tsegulani timaloko ta m'mbali, zulani kathabwako mogwira m'mphepete, pukutani mano ake agolide ndi labala yofufutira pensulo mosakhulitsa, chotsani zinyenyeswa, n'kukabwezera mpaka timaloko titalira kuti tha.

Ikapitiriza, iyeseni. Windows ili ndi pulogalamu yake, Windows Memory Diagnostic, imene imabwera mukalemba mdsched. Yozama kuposa imeneyo ndi MemTest86, imene inayamba mu 1994 ndipo imadzuka kuchokera pa fulashi. Isiyeni izungulire kanayi, ngakhale zitatenga usiku wonse. Cholakwika ngakhale chimodzi chokha chikutanthauza kuti pali vuto. Ngati muli timatabwa tiwiri, yesani kamodzikamodzi, ndipo kamene kalephera mukayesenso pa mpata wina, kuti mudziwe ngati cholakwa ndi kathabwa kapena mpatawo. Pogula kena, tengani kakale ngati chitsanzo. DDR3 ndi DDR4 zimaoneka zofanana, koma kampata ka pa mano ake kali pa malo osiyana, ndipo kukakamiza n'kuthyola.

Hard disk: nkhokwe imene imafa pang'onopang'ono

M'kati mwa hard disk muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake. Kugwa, kugwedezeka ndi kuthima kwadzidzidzi kwa magetsi zimaivulaza. Ikayamba kudwala, kompyuta imachedwa kudzuka, imauma mukamatsegula fayilo, mafayilo ena amakana kukopeka, ndipo nthawi zina mumamveka kuti tiki-tiki-tiki.

Ma disk amadzisungira okha mbiri ya thanzi lawo m'dongosolo lotchedwa S.M.A.R.T., ndipo pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaiwerenga. Ikalemba Good, mwina zili bwino, ngakhale kuti disk ikhoza kufa osachenjeza. Ikalemba Caution kapena Bad, koperani zanu lero lomwe. Apa ndi pamene kufomata kumapusitsa kwambiri: Windows yatsopano imayenda bwino masiku ochepa, aliyense n'kuombera m'manja, kenako malo owonongeka amawonjezeka ndipo vuto limabwerera. Musanaweruze disk, sinthani kaye kawaya kake ka SATA, chifukwa kawaya kolobodoka kamaonetsa zizindikiro zomwezo. Ngati yafadi, ndi bwino kuikamo SSD. Ilibe chozungulira, choncho imapirira misewu yathu, ndipo imapatsa liwiro makina okalamba.

Motherboard ndi kabatire kake

Zonse zikayesedwa, chotsala ndi motherboard, thabwa lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizikapo. Tengani tochi muyang'ane timigolo ting'onoting'ono toimirira, totchedwa ma capacitor. Pamwamba pake payenera kukhala pathyathyathya. Kakatupa kapena kutulutsa zinthu zofiirira ngati dzimbiri, kafa. Makompyuta ambiri opangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kuphatikizapo Dell OptiPlex GX270, anatchuka ndi vuto limeneli. Wodziwa kuwotcherera mawailesi ndi ma TV akhoza kusintha timigoloti, koma pa makina akale kwambiri mtengo wake uyerekezedwe ndi wa kupeza ena.

Pa thabwa lomwelo pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, ka mavolti 3. Kakatha, kompyuta imaiwala tsiku ndi nthawi ikangozulidwa ku magetsi, imaima podzuka n'kumapempha kuti mudinde batani, ndipo masamba a pa intaneti amakana kutseguka chifukwa deti ndi lolakwika. Anthu ena amataya kompyuta yonse chifukwa cha kabatire kopezeka m'sitolo zogulitsa mawotchi.

Chimodzi pa nthawi imodzi

Mu sayansi ya ku sekondale tinaphunzira kuti poyesa chinthu umasintha mbali imodzi, zina zonse n'kuzisiya momwe zilili. Lamulo lomwelo ndilo mtima wa ntchitoyi. Mukayeretsa fumbi, kusintha RAM ndi kufomata tsiku limodzi, kompyuta n'kuchira, simudzadziwa chimene chinaichiza, ndipo ya pambali pake ikadzadwala mudzayambiranso pachiyambi. Sinthani chimodzi, lembani m'kope, dikirani. Ngati inkazima kamodzi pa masiku atatu, kuiona ikuyenda ola limodzi si umboni, ipatseni sabata. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi zaulere musanafike pa zogula: soketi, fumbi, kubwezera RAM ndi mawaya. Sukulu ili ndi mwayi umene munthu wa kompyuta imodzi alibe, chifukwa makina opatsidwa amabwera ofanana. Chipangizo chimene mukuchikaikira chiikeni mu kompyuta yabwino. Vuto likasamuka nacho, mlandu watha. Likatsala, chipangizocho n'chosalakwa. Pa chifukwa chomwechi, kompyuta yakufa isatayidwe kudzala. RAM yake, fani yake ndi power supply yake zikhoza kudzutsa zina zitatu. Ilembeni m'kaundula wa katundu wa sukulu ndi kudziwitsa ahedi musanachotsemo kanthu, kuti mawa pasadzakhale nkhani yakuti aphunzitsi atsopano aja akuba zipangizo.

Pali nthawi yoimika manja. Mukamva fungo la kupsa, mukaona utsi, kapena bokosi likamagwira anthu shoko, zulani pulagi ndipo muitane wodziwa zamagetsi, chifukwa apo pali moyo wa ana. Nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ziphaliwali zikayamba zulani mapulagi onse, kungozimitsa sikokwanira. Ngati makina ali pa walanti kapena bungwe lopereka linaletsa kuwatsegula, tsatani pangano. Ndipo ngati pafunikadi ulendo wa ku Mponela kapena ku Lilongwe, nyamulani kope lija. Katswiri amene wauzidwa kuti "imazima pakatha mphindi 30, RAM tinaiyesa ili bwino, pa Ubuntu imazimanso" sangakugulitseni chipangizo chimene simukuchifuna, ndipo ntchito yake imafupika.

Pomaliza, ntchitoyi musamaigwire nokha chitseko chili chotseka. Silabasi imafuna kuti ana adziwe zigawo za kompyuta, ndipo ambiri amangoziona pa chithunzi cha m'buku. Kompyuta yodwala, itazulidwa ku magetsi n'kuikidwa pa tebulo, ndi phunziro lathunthu. Wina alembe m'kope, wina agwire tochi, wina anene chimene akuchikaikira ndi chifukwa chake, kalasi yonse n'kugwirizana choyamba kuyesa. Ana amene aphunzira kufunsa kuti "umboni wake uli pati?" asanaloze chala adzaligwiritsa ntchito funso limenelo pa injini ya chigayo, pa pampu ya mjigo ndi pa mbewu yofota m'munda, ndipo sukuluyo idzakhala ndi okonza makompyuta ake ngakhale inu mutasamutsidwa.